Cithunzi Cimene Tonse Tilimo

Masiku ano kwabuka mcitidwe umene makolo athu sanaudziwe. Banja likafuna kupita ku chuthi, kaya ndi ku Livingstone, ku Siavonga kapena ku Mfuwe, limayamba lapangana ndi katswiri wojambula zithunzi kuti akakumane nalo kumeneko. Katswiriyo amalipidwa kuti kwa ola limodzi kapena awiri ayende ndi banja limenelo lokha, akulijambula pa malo okongola. Kale zoterezi tinali kuziona kwa alendo ocokera kunja, koma tsopano nafenso eni dziko tayamba kutero. Tsono pali funso limene ena amafunsa: kodi nkoyenera kuti banja lacikhristu litaye ndalama pa zimenezi, pamene aliyense ali ndi foni yojambula m'thumba mwace? Kodi kumeneku si kudzionetsera cabe?

Funsoli ndi loona, ndipo ine sindiliyankha monga munthu wongoonerera. M'mwezi wa Juni 2023 banja lathu linacita zimenezi, koma tisanatero tinakangana milungu itatu yathunthu. Ndiloleni ndikusimbireni mmene zinayendera ndi cimene ndinatolapo.

Ukwati wopanda cithunzi

Atate ndi amai anadalitsa ukwati wao ku mishoni ya Chassa m'caka ca 1973. Cithunzi ca tsiku limenelo kulibe. Wojambula analipo ndithu. Anabwera pa njinga kamera ili pakhosi, ndipo anawaimika pa khomo la chalichi dzuwa likuwalasa m'maso. Inu acikulire mukumbukira mmene zinali kukhalira. Filimu imodzi inali kutenga zithunzi 36 kapena kuceperapo, ndipo wojambula sanali kuitsukitsa isanadzaze. Anali kuyenda nayo m'maukwati, m'maubatizo ndi m'zikondwerero za Ukaristia woyamba kufikira itatha, ndiyeno nkupita nayo ku tauni. Munthu unali kudikira mwezi wonse usanadziwe ngati unatuluka bwino kapena unatsinzina. Atate anadikira miyezi iwiri, ndipo yankho limene analandira linali lakuti filimu inapsa. Mpaka lero amai akamasimba za diresi lao loyera, ife timangoliona m'maganizo.

Lero zinthu zinatembenuka. Foni imodzi imasunga zithunzi zikwizikwi, ndipo palibenso kudikira. Koma pamene tinali kukonzekera cikondwerero ca zaka 50 za ukwati wa makolo athu, ndinapempha abale anga onse kuti afufuze m'mafoni mwao cithunzi cimodzi cimene banja lonse lilimo. Sicinapezeke. Zinalipo za mpunga wa pa Khirisimasi, za motoka yatsopano, za ana atavala mayunifomu a sukulu, koma pa ciliconse panali wosowa. Kawirikawiri wosowayo ndi amene anagwira foni, ndipo m'banja lathu ameneyo ndi mlongo wathu wotsiriza kubadwa. Amai naonso anali kusowa kwambiri, cifukwa nthawi yojambula imawapeza ali pa moto kutakasa nsima. Vutoli si la banja lathu lokha. Ndi kangati tapita ku maliro nkuona kuti pa pepala la mwambo aikapo cithunzi cotenga pa reji, ca mwana wa zaka 16 wosamwetulira, pamene womwalirayo anali nkhalamba ya adzukulu khumi?

Tinagwirizana kuti mphatso yathu kwa makolo ikhale ulendo wa ku Livingstone. Atate anali mphunzitsi wa sukulu ya pulayimale, ndipo kwa zaka zambiri anali kujambula mathithi a Mosi-oa-Tunya pa bolodi ndi coko, iwo eni osawaonako. Pa za ulendowo panalibe wotsutsa. Mkangano unabuka pamene mdzukulu wamkulu ananena kuti tilembe katswiri wojambula. Akulu anga, amene amalima cimanga ndi nshawa kumudzi, anakana kwamtuwagalu. "Inu a m'tauni mwayamba misala," anatero. "Tili ndi mafoni khumi m'banja lino. Ndalama zimenezo ndi za feteleza. Cimene mufuna ncakuti anthu akuoneni pa Facebook basi." Ine sindinawaone olakwa. Munthu amene amadziwa mtengo wa thumba la feteleza ali ndi ufulu wofunsa za ngwee iliyonse, ndipo nzoona kuti zithunzi zambiri za masiku ano zimajambulidwa kuti anansi agwidwe ndi kaduka.

Amene anathetsa nkhaniyo ndi amai. Iwo salankhula zambiri pa misonkhano ya banja, koma tsikulo anakonza mpango wao nati: "Ana anga, ine sindifuna zithunzi zambiri. Ndifuna cimodzi cabe, cimene tonse tilimo, popanda wina kusowa cifukwa cakuti wagwira kamera. Ca ukwati cinapsa. Ici cisapse." Akulu anga anakhala cete kwa kanthawi, ndiyeno anavomera, koma anaika malamulo awiri. Loyamba, pasapezeke munthu wotenga kaloba cifukwa ca cithunzi. Laciwiri, ndalama za ulendo zisaonjezeke ngakhale pang'ono. Ngati tifuna wojambula, tisiye cina. Conco tinasiya ulendo wa pa boti wokaona kulowa kwa dzuwa pa Zambezi, ndipo tinafuna nyumba ya alendo yolola kudziphikira. Mutu umodzi susenza denga: aliyense anasonkha monga mwa mphamvu zace.

Kupangana ndi wojambula

Ojambula ku Livingstone ndi ambiri, popeza ndi mzinda wa alendo. Ambiri a iwo amaonetsa nchito zao pa Facebook ndi pa Instagram, ndipo makambirano amacitikira pa WhatsApp. Koma akulu anati safunsa anadya phula. Pa intaneti munthu amaikapo zokoma zokhazokha, ndipo alipo ena amene amaikapo nchito za anzao ngati zao. Motero tinapempha bwenzi lathu la m'parishi ina ya kumeneko kuti litichulire ojambula amene anthu amawadziwa pa maukwati a m'chalichi mwao. Linatipatsa maina atatu. Aliyense wa iwo tinampempha kuti ationetse zithunzi zonse za banja limodzi, kuyambira coyamba mpaka cotsiriza, osati zosankha ai. Tinayang'anitsitsa zinthu ziwiri. Coyamba, ngati amatha kujambula gulu lalikulu, pakuti kuimika anthu 17 kuti nkhope zonse zioneke ndi luso losiyana ndi kujambula mnyamata ndi bwenzi lace. Caciwiri, mmene nkhope zakuda zimatulukira pa zithunzi zace. Madzi a mathithi ndi oyera mbee, ndipo kamera ikatsata kuwala kwa madziwo, nkhope zathu zimasanduka mithunzi. Apa ndi pamene katswiri amaposera foni.

Titasankha mmodzi, tinaika zonse m'malemba, ngakhale kuti anali malemba a pa foni. Tinagwirizana tsiku, ola ndi malo okumanira. Utali wa nthawi yojambula. Ciwerengero ca zithunzi zimene adzatipatsa zitakonzedwa. Ndi tsiku lodzatipatsa. Tinafunsa ngati mtengo umene anachula ukuphatikiza zonse, kapena kuti ndalama zace zolowera pa cipata, ndi za womthandiza, zidzakhala pa mutu pathu. Tinamuuza kuti ngati oyang'anira malowo amafuna cilolezo kwa ojambula a malonda, akonzeretu yekha tsiku lisanafike. Tinafunsanso cimene cidzacitika ngati mmodzi wa okalamba adwala ndipo tsiku lisintha. Theka la ndalama tinatumiza pa foni, theka lina tinati tidzapereka tikalandira zithunzi. Potsiriza tinanenetsa kuti asaike cithunzi ca makolo athu kapena ca ana athu pa intaneti popanda kutipempha. Mfundo imeneyi ambiri amaiiwala, nkudzadabwa kuona nkhope ya mwana wao ikuitanira malonda a munthu wina.

Cimene cinandikhazika mtima pansi ncakuti wojambulayo nayenso anatifunsa mafunso. Anafuna kudziwa zaka za makolo athu, ngati amatha kuyenda mtunda, ndiponso ngati pali ana a m'manja. Ndiyeno anatifotokozera za mtsinje. Zambezi amadzaza kwambiri ca m'mwezi wa Epulo, mvula ya kumtunda itatsika. Nthawi imeneyo nthunzi ya madzi imakwera ngati utsi nkumagwa ngati mvula, kotero kuti mathithi saoneka bwino, anthu amanyowa cinyowere, ndipo kamera imakhala pa ngozi. Ca m'Okutobala ndi Novembala madzi amacepa kwambiri, ndipo mbali yaikulu ya ku Zambia imatsala thanthwe louma. Juni ndi Julayi ali pakati: madzi akali ambiri koma nthunzi yayamba kucepa. Anatiuzanso kuti tifike m'mamawa, pakuti dzuwa la masana limaika mithunzi pansi pa maso ndi kucititsa anthu tsinya, ndiponso kuti utawaleza umaoneka pamene dzuwa lili kumbuyo kwa woyang'ana, zimene ku mbali yathu ino zimacitika m'mawa. "Koma muwaveke majuzi ambuya," anatero. "Juni wa kuno amaluma."

M'mawa wa ku mathithi

Makolo anabwera ku Lusaka ndi basi ya kum'mawa, napumula masiku awiri. Pa Ciweru tinanyamuka tonse kudzera ku Kafue, Mazabuka, Monze, Choma ndi Kalomo, ulendo wa makilomita oposa 450. Atate anali kuchula dzina la tauni iliyonse tisanafikepo, monga mmene anali kucitira m'kalasi. Anakumbutsa adzukulu kuti Livingstone ndiye anali likulu la Northern Rhodesia kuyambira 1911 mpaka 1935, pamene boma linasamukira ku Lusaka. Pa Sondo tinakamva Misa ku katedrale ya St Theresa, ndipo Misa itatha wansembe anawasanjika manja makolo athu nawadalitsa. Tinafuna kuti kuthokoza Mulungu kutsogole, zojambula zitsatire.

Pa Lolemba tinafika pa cipata dzuwa litangotuluka. Wojambulayo anali mnyamata wa zaka ngati 30, ndipo anali ndi mnzace wonyamula cinsalu conyezimira cobwezera kuwala kumaso. Anagwada pang'ono popereka moni kwa makolo, nati, "Mwauka bwanji, ambuya?" Tinayembekeza kuti ayamba kutiimika m'mizere, koma iye anaika kamera pambali. "Yambani mwaona cimene mwabwerera," anatero. "Zithunzi sizithawa." Tinayenda pang'onopang'ono m'kanjira ka m'mitengo, mkokomo ukukulirakulira, mpaka tinafika poonekera.

Manambala ndinali kuwadziwa kale kucokera kwa atate: mathithiwa ndi otambalala mamita 1,708, ndipo pozama kwambiri madzi amagwa mamita 108, David Livingstone anawaona pa 16 Novembala 1855, ngakhale kuti eni dera anali atawadziwa ndi kuwacha dzina kalekale, mlatho wa pa phompho unatha kumangidwa mu 1905, ndipo mu 1989 bungwe la UNESCO linaika malowa pa mndandanda wa cuma ca dziko lonse lapansi. Koma mphunzitsi wa manambala amenewa atafika pamenepo sanachule ngakhale imodzi. Anavula cipewa, nacita cizindikiro ca mtanda, nagwira dzanja la amai. M'phompho munali utawaleza. Patapita nthawi ananong'oneza kuti, "Amake mwana, taonani cizindikiro ca cipangano." Amai anangogwedeza mutu. Ife tonse tinali kuyang'ana madzi, ndipo palibe mmodzi amene anakumbuka foni. Mnyamata uja ndiye yekha amene anali kuyang'ana makolo athu, ndipo anawajambula osawauza.

Pamenepo ndinazindikira cimene tinali titalipirira. Kamera yace inali yabwino, inde, koma coposa kamerayo cinali cakuti tinalemba munthu wina kuti anyamule nchito yoyang'anira zithunzi, kuti ife tikhale omasuka kuona nchito za Mulungu ndi kukhala pamodzi. Mlongo wathu wotsiriza, amene pa zikondwerero zonse amakhala kuseri kwa foni, tsikulo anali kuyenda atakolowekana manja ndi amai.

Cithunzi ca gulu cinatenga nthawi. Kuimika anthu 17, ena a iwo ana osamva kamodzi, si masewera. Nyani wina analanda banzi m'manja mwa kamdzukulu, ndipo panafunika mphindi khumi kuti misozi iume. Wojambulayo anakhazika makolo pakati, naika aatali kumbuyo, nacotsa zikwama ndi mabotolo m'manja mwathu, najambula kambirimbiri kuti apeze cimodzi cimene palibe wotsinzina. Kuona maso a nkhono nkudekha. Capafupi ndi ife panali anthu ena awiri ndi wojambula wao. Anabwera ndi sutikesi ya zovala, ndipo anasintha katatu. Nthawi yonse imene tinali pamenepo, mathithi anali kumbuyo kwao. Sindinawaone akutembenuka kuti awayang'ane. Sindiweruza mtima wao, pakuti mwina inali nchito yao. Koma ndinaona kuti cinthu cimodzimodzi cingacitidwe m'njira ziwiri. Ena amajambulitsa cifukwa cakuti ali pa ulendo, ndipo ena amapita pa ulendo kuti akajambulitse.

Makwinya a amai

Patapita milungu iwiri wojambulayo anatumiza zithunzi zingapo pa WhatsApp kuti tione. Anafunsanso ngati tifuna kuti asalaze nkhope pa kompyuta, popeza ambiri amapempha kuti acotse makwinya ndi zipsera, ena mpaka kuyeretsa khungu. Anatumiza citsanzo: nkhope ya amai yosalala ngati ya namwali. Nditawaonetsa, anaciyang'ana nthawi yaitali, nafunsa kuti, "Mzimai uyu ndani?" Ndiyeno anati: "Umuuze mwana ameneyo andibwezere makwinya anga. Ndinawagwirira nchito. Ili la pamphumi ndi la mkulu wako pamene anadwala cikuku, awa a m'maso ndi a njala ya 1992. Akawacotsa, adzukulu adzayesa kuti zaka 50 za ukwati zimangobwera zokha." Tinamuuza kuti akonze kuwala ndi mitundu, koma nkhope azisiye mmene Mulungu ndi zaka anaziumbira.

Mau a amai, pamodzi ndi dzina la katedrale imene tinapempheramo, zinandikumbutsa mbiri ya Thérèse wa ku Lisieux, amene timamdziwa kuti Tereza Woyera wa Mwana Yesu. Iye ndi mmodzi wa oyera oyambirira amene nkhope yao yeniyeni tingaione pa zithunzi zambiri. Mkulu wace Céline analowa m'nyumba ya masisitere a Karimeli ku Lisieux mu 1894, ndipo analoledwa kulowa ndi kamera yace. Cifukwa ca ici pali zithunzi zoposa 40 za Thérèse, amene anamwalira mu 1897 ali ndi zaka 24 cabe. Koma atamwalira, zithunzi zimene zinafalitsidwa kwa akhristu zinali zokonzedwa ndi manja, nkhope itafewetsedwa kuti igwirizane ndi mmene anthu a nthawiyo anali kuganizira za munthu woyera. Zithunzi zosakonzedwa zinasindikizidwa pamodzi mu 1961. Pamenepo dziko linaona mtsikana wa cibwano colimba ndi maso akuya, wotopa ndi matenda a cifuwa cacikulu, koma wosagonja. Nkhope yeniyeniyo inaphunzitsa zambiri za ciyero kuposa yosalazidwa ija, pakuti inaonetsa kuti kanjira kace kakang'ono kanali ndi minga.

Ife Akatolika sitiopa zithunzi. M'machalichi mwathu muli mtanda, zifanizo za Amai Maria ndi za oyera, ndipo pa Njira ya Mtanda timaima pa malo acisanu ndi cimodzi kukumbukira Veronika amene anapukuta nkhope ya Ambuye. Pamene ena anauka nayamba kuphwanya zifanizo, Msonkhano waciwiri wa ku Nicaea m'caka ca 787 unaphunzitsa kuti ulemu umene timapereka pa cifanizo suthera pa thabwa kapena pa utoto, koma umapita kwa iye amene cifanizoco cikuimira. Cithunzi ca banja si cinthu copatulika monga zifanizo za m'chalichi, komabe muyeso womwewo ungatithandize. Cithunzi cabwino cimatitsogolera kwa munthu, kuti timkumbukire, timkonde ndi kumpempherera. Cithunzi coipa cimabisa munthu nkuika wina wongopeka m'malo mwace. Cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyerere: alipo mabanja amene amamwetulira pa cithunzi ca pa chuthi pamene kunyumba salankhulana, ndipo ngongole ya ulendowo ikali kuwatsata.

Conco yense wofuna kulemba wojambula adzifunse mafunso atatu. Kodi cithunzici ndi ca yani: ca ana anga ndi adzukulu, kapena ca anthu amene ndifuna kuti andisirire? Kodi cidzanena zoona za ife? Kodi ndalama zace sizikucokera pa fizi ya mwana, pa mankhwala a wodwala, kapena kwa wa kaloba? Ngati mayankho ali oyera, palibe cocititsa manyazi. Tikumbukirenso cilungamo kwa wojambulayo. Ambiri mwa acinyamata amenewa anadzipangira okha nchito pamene nchito zikusowa. Kamera anagula modula, ndipo pa ola limodzi limene ali nafe pamaonjezeka maola ambiri a usiku osankha ndi kukonza zithunzi. Kukambirana mtengo nkololedwa, koma kumfinya mpaka atsale wopanda phindu, kapena kulandira zithunzi nkuzimitsa foni osamaliza malipiro, ndi kudya thukuta la mnzako. Akulu anga omwe aja ndi amene anaumirira kuti timalize kulipira tsiku lomwelo limene zithunzi zinafika.

Cithunzi ca pa khoma

Cinthu cotsiriza cimene tinacita ndico cimene ambiri amacinyalanyaza. Tinatsukitsa zithunzizo pa pepala. Foni imabedwa, imagwera m'madzi, imafa. Ndipo zithunzi zotumizirana pa WhatsApp kawirikawiri zimacepetsedwa, kotero kuti ukafuna kuzikuza zimatuluka zosaoneka bwino. Tinapempha wojambulayo kuti atipatse zithunzi zathunthu pa fulashi, ndipo tinazisunga m'nyumba ziwiri zosiyana. Ca gulu tinacikuza nkuciika m'felemu, nyumba iliyonse cace. Kumbuyo kwace tinalemba tsiku, malo ndi maina a anthu onse 17 monga mwa kaimidwe kao. Ndani mwa ife alibe m'sutikesi cithunzi cakale ca anthu ovala bwino amene palibenso wodziwa maina ao?

Caka cotsatira sicinali cabwino. Mvula inadula, cimanga cinauma m'minda, ndipo mu Febuluwale 2024 boma linalengeza kuti cilala cimeneco ndi tsoka la dziko lonse. Akulu anga sanakolole kanthu. Ulendo ngati uja sukanathekanso, ndipo tinathokoza kuti malamulo ao awiri anatiteteza ku ngongole. M'caka comweco atate anayamba kuiwala. Poyamba anali kuiwala kumene aika magalasi, kenaka maina a adzukulu, ndipo tsopano nthawi zina amandiyang'ana ine ngati mlendo waulemu. Munthu amene anali kuchula matauni onse a pa njira ya kum'mwera lero amafunsa kuti lero ndi tsiku lanji katatu pa ola.

Cithunzi cija cili pa khoma la cipinda cocezera kumudzi, pansi pa mtanda. Madzulo aliwonse, asanayambe Korona, amai amacitsitsa nkuciika pa miyendo ya atate. Amaloza nkhope imodzi imodzi nkuchula dzina, atate nkubwereza, ndipo aliyense amampempherera: uyu ali ku Kitwe, uyu alemba mayeso, uyu afuna nchito, uyu ali ndi pakati. Masiku ena atate amatsogola okha pa maina awiri kapena atatu, ndipo amai amaimba foni kutiuza monga nkhani yaikulu. Pa nkhope ya amai atate sanaphonyepo. Amaika cala pa makwinya aja nkunena kuti, "Awa ndi akazi anga." Ndimadzifunsa ngati akanaizindikira nkhope yosalazidwa ija.

Abale ndi alongo, sindikunena kuti banja lililonse lipite ku Livingstone, kapena kuti amene sangathe kulipira katswiri ndi operewera. Ambiri mwa ife chuthi cathu ndi ulendo wa kumudzi pa Khirisimasi kapena pa Pasaka, ndipo mtengo wa mango wa pakhomo ndi malo okwanira. Pafupifupi m'boma lililonse muli wojambula wa mtengo wofikirika, ndipo ngati ameneyo palibe, mwana wa mnansi angagwire foni kuti wa m'banja asasowe. Cofunika ncakuti mukakumana nonse, musabalalike musanaime pamodzi. Itanani amai acoke pa moto, dikirani amene wapita ku dimba, khazikani okalamba pakati, ndipo nkhope zikhale zimene muli nazo. Mukatero tsukitsani cithunzico, lembani maina kumbuyo, nkucipacika pamene mumapempherera. Sitidziwa kuti Khirisimasi ya mawa idzatipeza tili angati, kapena kuti ndani mwa ife adzafunika kukumbutsidwa maina a ana ace. Banja Loyera la ku Nazareti lisunge mabanja athu onse mu umodzi ndi m'coonadi.